Chikho cha pakompyuta sichilosera cha pabwalo

Chaka ndi chaka, kukatsala masiku owerengeka kuti ku America kuchitike Super Bowl, amene ndi masewero otsiriza a ligi ya NFL, kampani ya EA Sports imachita kamwambo kake. Imatenga matimu awiri amene afika kumapetoko n'kuwaika m'gemu yake yotchedwa Madden NFL, kenako n'kuisiya kompyuta kuti iseweretse yokha mbali zonse ziwiri, popanda dzanja la munthu. Ikamaliza, amalengeza timu yopambana, mapointi ake, ndi wosewera amene waposa anzake. Anayamba kuchita zimenezi mu 2004, ndipo atolankhani a kumeneko amazilemba ngati nkhani ina iliyonse yamasewero. Si kampaniyi yokha ayi. Pa intaneti pali magulu a anthu wamba amene ali ndi maligi awoawo ongoyerekeza. Wina amatenga timu, wina amadzipangira wosewera n'kumupatsa dzina, kompyuta imaseweretsa sizoni yonse, ndipo eni akewo amatsutsana mpaka pakati pa usiku za wosewera amene wakanika ndi timu imene yatuluka mumpikisano mosayenera.

Wina anena kuti izi n'zachibwana, anthu akuluakulu kukangana chifukwa cha masewero amene sanachitike pabwalo lililonse. Ine sindikuona choncho. Ligi yongoyerekeza ili ndi phindu kwa munthu amene akudziwa chimene akuyang'ana, chifukwa ndi masamu amene avala yunifomu. Vuto limabwera pamene tayamba kuiyesa mlosi, kapena woweruza wa luso la anthu. Pamenepo imasocheretsa, ndipo ena imawadyera ndalama.

Poyamba tidziwe kaye masewero ake, popeza kuno ambiri tinazolowera mpira wamiyendo. Mpira wa ku America ndi wooneka ngati dzira, ndipo amaunyamula ndi kuuponya ndi manja. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 11 pabwalo. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mpata woyesa kanayi kuti isunthe mayadi 10. Ikakwanitsa imayambiranso kuwerenga, ikalephera mpira umapita kwa adani. Kufika ndi mpira kumapeto kwa bwalo, kumene amati touchdown, kumapatsa mapointi 6, ndipo kuumenya ndi mwendo kuti udutse pakati pa mapolo kumapatsa mapointi 3. Woyendetsa zonse ndi wosewera wotchedwa quarterback, amene amaponyera anzake mpira. NFL ili ndi matimu 32, ndipo kuyambira mu 2021 timu iliyonse imasewera masewero 17 pa sizoni. Matimu 14 amalowa m'ndime yachiwiri, imene lamulo lake n'limodzi: wagonja watuluka. Awiri otsala amakumana mu Super Bowl.

Nanga kompyuta imaseweretsa bwanji zimenezi? Wosewera aliyense amapatsidwa manambala osapitirira 99 pa zinthu monga liwiro, mphamvu, kuponya molunjika ndi kuwakha mpira. Manambalawa sagwa kumwamba. Amalembedwa ndi anthu ogwira ntchito kukampani, amene amaonera masewero enieni n'kumawasintha sizoni ikamayenda. Akakumana wothamanga ndi womutchinga, kompyuta imayerekeza manambala a awiriwo, n'kuchita maere. Wa nambala yaikulu amapatsidwa mpata wokulirapo, koma maerewo ndi amene amatsiriza nkhani. Njirayi ndi yakale kuposa kompyuta zapanyumba. Mu 1961 Hal Richman anayamba kugulitsa gemu ya baseball yotchedwa Strat-O-Matic, ndipo pambuyo pake anatulutsanso ya mpira wa ku America. Wosewera aliyense anali ndi khadi lake, ndipo munthu ankaponya madayisi ngati a ludo n'kuwerenga pakhadipo zimene zachitika. Kompyuta sinachotse madayisiwo. Inangowabisa kuseri kwa zithunzi zokongola.

Tsono mukawerenga kuti wosewera wakutiwakuti m'ligi yongoyerekeza waponya ma touchdown asanu m'masewero amodzi, dziwani kuti mwaona zinthu ziwiri zokha: nambala imene munthu wina anamulembera, ndi mmene maere agwera tsiku limenelo. Palibe khama pamenepo, palibe mantha, palibe kulimba mtima. Akalephera masewero otsatira, si kuti wadzitama kapena wagona mochedwa. Maere angogwa mbali ina. Koma ife anthu tili ndi chizolowezi chofuna chifukwa pa chilichonse, ndiye timayamba kufotokoza kuti wosewerayo anachita mantha ndi khamu la ochemerera, chikhalirecho khamulo kunalibe.

Amene amakhulupirira ulosi wa kompyuta ali ndi chaka chimodzi chimene sachoka nacho pakamwa. Mu 2015, Super Bowl isanachitike, Madden inanena kuti New England Patriots igonjetsa Seattle Seahawks ndi mapointi 28 kwa 24. Inanenanso kuti Patriots iyamba yatsalira 24 kwa 14, kuti Julian Edelman ndiye adzawakha mpira wopambanitsa timu yake, ndiponso kuti Tom Brady adzasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Pa 1 February, mumzinda wa Glendale ku Arizona, zonsezi zinachitikadi. N'zodabwitsa, ndipo sindikutsutsa. Koma taonani mmene masewerowo anathera. Kutatsala masekondi pafupifupi 20, Seahawks inali yadi imodzi yokha kuti ifike kumapeto kwa bwalo n'kutenga chikho. Russell Wilson anaponya mpira, ndipo anaulanda ndi Malcolm Butler, mnyamata amene anali m'chaka chake choyamba m'ligi, wochokera ku University of West Alabama, amene timu iliyonse inamudumpha pa chisankho cha osewera atsopano. Akanachedwa ndi phazi limodzi, lero palibe akanakumbukira ulosi uja. Kompyuta inapeza mapointi olondola chifukwa cha munthu amene inkamuwerengera pang'ono.

Zaka zina zimakambidwa motsitsa mawu. Mu sizoni ya 2007 Patriots inapambana masewero onse 16 a m'ligi, n'kupambananso awiri a ndime yachiwiri. New York Giants inali itagonja kasanu ndi kamodzi, ndipo Patriots yomweyo inali itaigonjetsa 38 kwa 35 kumapeto kwa December. Madden inasankha Patriots, monga anachitira anthu ambiri. Pa 3 February 2008 Giants inapambana 17 kwa 14. Chimene chinatembenuza zinthu chinali mpira umene David Tyree anaugwira poupanikiza ndi dzanja limodzi pachisoti chake, mdani atamukakamira. Tyree ameneyu sizoni yonseyo anali atawakha mipira inayi yokha m'masewero a ligi, ndipo umenewu unali womaliza kuwakha pa moyo wake wonse wa mu NFL. Mu 2014 Madden inasankha Denver Broncos, timu imene inali itapeza mapointi 606 pa sizoni, Peyton Manning ataponya ma touchdown 55. Patangotha masekondi 12 masewero atayamba, mpira unadutsa Manning pamutu n'kupatsa Seahawks mapointi awiri aulere. Mapeto ake Broncos inakwapulidwa 43 kwa 8. Paja akuluakulu anati kunena kwa ndithendithe nanthambwe anadzitengera.

Kodi zikatero ndiye kuti kompyuta ndi yabodza? Ayi. Wolakwa ndi amene amaifunsa funso losayenera. Tiyeni tichite masamu a ku sekondale. Tiyerekeze timu yamphamvu imene pa masewero aliwonse ili ndi mwayi wa 70 pa 100 woti ipambane. Mu NFL timu imene yatsogola mbali yake imapuma sabata yoyamba, ndiye imafunika kupambana katatu motsatizana kuti itenge chikho. Mukachulukitsa 0.7 ndi 0.7 ndi 0.7 mupeza 0.343. Ndiye kuti timu yoopsa chonchi imatenga chikho ka 34 kokha pa maulendo 100, ndipo ka 66 imabwerera kwawo chimanjamanja. Timu ya mwayi wa 60 pa 100 imene iyenera kupambana kanayi ili ndi mwayi wa pafupifupi 13 pa 100. Mpikisano wa wagonja watuluka unapangidwa kuti usangalatse oonera, ndipo umasangalatsa chifukwa wamphamvu amatha kugwa. Sunapangidwe kuti utsimikize amene ali wamphamvu kuposa onse.

Choncho sizoni imodzi ya pakompyuta ili ngati kuponya dayisi kamodzi. Munthu akaponya n'kupeza 6, sitinena kuti dayisiyo ili ndi 6 mbali zonse. Amene amagwiritsa ntchito kuyerekeza kotereku mwanzeru amaiuza kompyuta kuti ibwereze masewero omwewo maulendo masauzande, kenako amawerenga kuti timu iyi yapambana kangati, inayo kangati. Yankho lawo silikhala lakuti awa apambana, koma lakuti awa ali ndi mwayi wochuluka chonchi. Yankho lotere silikoma m'khutu, ndipo siligulitsa gemu. N'chifukwa chake chimene chimalengezedwa ndi mapointi a masewero amodzi, okhala ndi ngwazi yake ndi wolira wake.

Palinso china chimene manambala sangachione, ndipo ichi n'chimene chimandikhudza kwambiri. Manambala amalembedwa poyang'ana zimene munthu wachita kale. Amene sanapatsidwepo mpata alibe choti alembedwe nacho. Tom Brady anasankhidwa pa nambala 199 mu 2000, ma quarterback asanu ndi mmodzi atatengedwa kale iye asanatchulidwe. Analowa m'bwalo mu 2001 chifukwa Drew Bledsoe anavulala, ndipo anadzapuma atatenga Super Bowl kasanu ndi kawiri. Kurt Warner sanasankhidwe n'komwe. Anagwirapo ntchito yosanja katundu m'mashelefu a golosale ina ku Iowa, anasewerapo m'ligi yaing'ono ya m'nyumba komanso ku Amsterdam, mpaka mu 1999 pamene Trent Green wa St. Louis Rams anavulala sizoni isanayambe. Chaka chomwecho Warner anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu NFL yonse, ndipo mu January 2000 anatenga chikho. Brock Purdy anali womaliza weniweni pa chisankho cha 2022, nambala 262, koma mu February 2024 anafikitsa San Francisco 49ers mu Super Bowl, kumene inagonja movutikira kwa Kansas City Chiefs 25 kwa 22 m'nthawi yowonjezera.

Odziwa magemuwa anena kuti ngakhale pakompyuta osewera amakula, manambala awo amakwera chaka ndi chaka. N'zoona. Koma kakulidweko nakonso kanalembedweratu. Pali lamulo limene limanena kuti uyu akula msanga, uyo akula pang'onopang'ono, ndipo wosewera wa pakompyuta sangalidumphe. Sadzuka m'mamawa anzake ali mtulo kuti akaphunzire mmene adani amaimira pabwalo. Sakumana ndi mphunzitsi amene wamuona mosiyana ndi ena onse. Munthu weniweni amatha kuchititsa manyazi amene anamulembera nambala. Wa pakompyuta amangomvera.

Ngati zili chonchi, phindu lake lili pati? Lilipo, ndipo si laling'ono. John Madden, amene gemuyi inatengera dzina lake, anali mphunzitsi wa Oakland Raiders ndipo anatenga Super Bowl mu January 1977. Opanga gemu atamupeza, makompyuta a nthawi imeneyo anali ofooka, ndipo iwo ankafuna kuchepetsa osewera. Madden anakana. Anaumirira kuti pakhale osewera 11 mbali iliyonse ngati pabwalo lenileni, ndipo gemuyo inachedwa mpaka inatuluka mu 1988. Iye ankafuna kuti anthu aphunzirepo mpira, ndipo ambiri anaphunziradi. Wachinyamata amene akuyendetsa timu m'ligi yongoyerekeza amagawa ndalama zochepa kwa osewera ambiri, amasankha pakati pa katswiri wokalamba ndi mnyamata wosadziwika, amawerenga matebulo, amatsutsa mnzake ndi manambala osati ndi phokoso. Amene amalemba malipoti a masewerowo amaphunzira kulemba. Koposa zonse, akakhalamo masizoni angapo amaona ndi maso ake kuti timu yabwino imatha kutuluka msanga popanda wolakwa aliyense. Phunziro limeneli anthu ambiri ophunzira bwino alibe.

Odandaula kuti magemu amadya nthawi ndi bando ya intaneti ali ndi mfundo, ndipo wophunzira amene wasiya asainimenti chifukwa cha masemifainolo a pakompyuta asadzalire mayeso akadzafika. Koma zimenezi zimachitikanso ndi bawo, mafilimu, ngakhale macheza a pakhonde la hostelo. Mankhwala ake ndi kudziletsa, osati kutukwana masewerowo. Choopsa chenicheni chili pena.

Mu 2018 khoti lalikulu la ku America linachotsa lamulo limene linkaletsa kubetcha pa masewero m'madera ambiri a dzikolo. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseka mabwalo, makampani a juga anasowa masewero enieni, ndipo ena anayamba kuonetsa masewero a Madden oseweretsedwa ndi kompyuta kuti anthu aikepo ndalama. Apa ndi pamene nkhani ya kutaliyi imafika pakhomo pathu. Mpira wa ku America sitiusewera, koma m'nyumba zobetchera za m'matauni mwathu, ngakhalenso pafoni, muli mpira wamiyendo wa pakompyuta umene umayamba n'kutha m'mphindi zochepa, usana ndi usiku. Mudzapeza anyamata atagwira pepala ndi cholembera, akulemba zotsatira zapitazo, ati akufufuza timu imene ili pa fomu. Fomu yake iti? Timu ya pakompyuta ilibe wovulala, ilibe wotopa, sikumbukira kuti yagonja katatu. Maere a masewero ano sadziwa za maere a masewero apitawo.

Ndipo masamu a nyumba ya juga anakonzedwa kuti mwini nyumba asaluze. Tiyerekeze matimu awiri ofanana mphamvu ndendende. Malipiro achilungamo akanakhala kuwirikiza kawiri ndalama imene waika. Koma tinene kuti nyumbayo ikulipira 1.90. Anthu awiri aika K1,000 aliyense, wina mbali iyi, wina mbali inayo. Nyumba yalandira K2,000, yapereka K1,900 kwa wopambana, yatsala ndi K100, kaya wapambana ndi ndani. Pa masewero amodzi K100 ikuoneka yochepa. Koma masewero a pakompyuta sadikira Loweruka kapena Lamlungu, amabwera ena pambuyo pa ena tsiku lonse, ndipo ulendo uliwonse nyumba imadula kagawo kake. Wobetcha akamabwereza kwambiri, m'pamenenso masamuwo amamugwira zolimba. Ndalama ya sopo imapita, ya thiransipoti imapita, kenako dzanja limafika pa fizi imene makolo anapeza atagulitsa mbewu. Munthu amene wamvetsa mmene ligi yongoyerekeza imagwirira ntchito ndiye woyamba kuthawa pamalo oterowo, chifukwa akudziwa kuti palibe chinsinsi choti n'kuchitulukira.

Kwa anzanga amene tikukonzekera kukagwira choko, nkhaniyi ili ndi mbali inanso. Ifenso tidzakhala olemba manambala. Malikisi a mwana ndi ofunika, ndipo sindikunena kuti tiwataye. Amatiuza pamene mwanayo wafika ndi pamene akufunika thandizo. Koma mayeso a tsiku limodzi amafanana ndi masewero a wagonja watuluka: muli luso, mulinso malungo a usiku wathawo, njala, ndi funso limene langogwera pa mutu umene mwanayo sanaumve bwino. Mphunzitsi amene aona 35 pa pepala limodzi n'kutsimikiza kuti mwana uyu ndi wa 35 moyo wake wonse wamusandutsa wosewera wa pakompyuta. Adzasiya kumuloza m'kalasi, adzamusiya akhale kumbuyo, ndipo pakutha pa chaka adzati ndinanena ine. Ulosi wake udzakhala utakwaniritsidwa chifukwa iye mwini anatseka khomo. Brady ndi Warner anaonekera chifukwa wina anavulala ndipo mphunzitsi analibe kuchitira mwina koma kuwalowetsa. Mwana wa m'kalasi mwathu asamadikire ngozi kuti apatsidwe mpata. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pempho langa kwa okonda maligi amenewa n'losavuta. Sewerani, tsutsanani, lembani malipoti anu, sangalalani timu yanu ikatenga chikho. Koma mukaona zotsatira, dzifunseni mafunso atatu. Manambala a osewerawa anawalemba ndani, ndipo ankayang'ana chiyani? Masewerowa abwerezedwa kangati, kamodzi kapena kambirimbiri? Nanga ndani akupindula ndikakhulupirira kuti zimenezi ndi ulosi? Amene angayankhe mafunso atatuwa sanamizidwa ndi kompyuta, sanamizidwa ndi nyumba ya juga, ndipo tsiku lina akadzagwira kaundula wa malikisi sadzadzinamiza yekha.

February akubwerayu Madden idzalengezanso wopambana, ndipo mwina idzalondola, popeza pa matimu awiri ngakhale woponya ndalama yachitsulo m'mwamba amalondola theka la nthawi. Ikadzalondola tidzaseke, ikadzaphonya tidzasekenso. Ndalama zathu zikhale m'thumba, ndipo chiweruzo chathu pa anthu chidikire mpaka titawaona ali pabwalo.